Nyumba Yopanda Masitepe

1

Amene anandilakwira ndi mkazi wanga ndi mwana wanga wamkazi, ndipo anandilakwira chaka chatha, mvula yoyamba itangogwa. Pali munthu wachitatu, koma ameneyo mukumana naye kutsogolo, monga mmene ndinakumanira naye ine.

Ndine mmisiri womanga nyumba. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mukapeza pokhota m'kalembedwe kanga musaseke, chifukwa khoma langa silikhota. Imvi zonsezi zandimerera ndili pansanja. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kusakhulupirira munthu. Wogulitsa mchenga amakusakanizira dothi. Wonyamula simenti amaboola thumba. Bwana amakusekerera Lachisanu, pofika Lolemba wapeza wina. Ngakhale levulo yanga yoonera ngati khoma laongoka ndimaiika pakhoma, kuitembenuza, n'kuiikanso, kuopa kuti nayonso ingandinamize.

Chinthu chimodzi chokha sindinkatsutsana nacho: pulani. Kapitawo amene anandiphunzitsa ntchito ankati, "Mmisiri safunsa pepala chifukwa chake. Likati zenera apa, ika zenera. Mwini nyumba akafuna kumagona m'bafa, n'zake zimenezo." Mawu amenewo ndinakula nawo, ndipo anandidyetsa zaka zonsezi. Ndi omwewonso anandigwetsa chagada.

2

Ine ndi mkazi wanga tinakhala nthawi yaitali pakhomo pali zii, popanda kulira kwa khanda. Achibale anayamba kutiyang'ana cham'mbali, ena kumunong'oneza iye, ena kundinong'oneza ine. Titataya kale mtima, kunabadwa mtsikana.

Mayi ake ankasoka zovala pamsika, choncho mwanayo atayamba kuyenda ndinkapita naye kuntchito. Ankakhala pafupi ndi mulu wa mchenga, khala lili m'manja, n'kumalemba timizere pa simenti youma. Anzanga anamutcha Kapulani, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka lero.

Pakampani pathu panali wojambula mapulani, munthu wamtali, wofatsa, wosakwatira. Tinkamutcha Pensulo chifukwa pensulo sinkachoka kukhutu kwake, ngakhale pamaliro. Anali wophunzira koma sankanyansidwa ndi fumbi lathu. Loweruka lililonse ankabwera kwathu kudzasewera makadi, ndipo ankandidya mpaka ndiyambe kutukwana. Mwa anthu onse a m'maofesi, ndi yekhayo amene ndinamulola kukhala pampando wanga.

Tsiku lina anapeza mwanayo akujambula pansi. Ananjuta pambali pake.

"Kapulani, nyumba yakoyi ndi yokongola, koma khomo lili kuti? Anthu ako azilowera padenga ngati mileme?"

Mwana analavulira kachala, n'kufufuta pakati pa mzere, n'kusiya mpata.

"Mwaona?" ndinauza anzanga ndikudziguguda. "Magazi anga amenewa. Iye azijambula, ine ndizimanga."

Pensulo anachotsa pensulo ija kukhutu n'kumupatsa mwanayo. Aka kanali koyamba kuliona khutu lakelo lili lokha.

Kampani itagwa, Pensulo anasamukira ku tauni ina. Tinatayana monga amatayanirana amuna, popanda mkangano, kungosiya kufunsana basi.

3

Kapulani anakhoza sukulu mpaka ku yunivesite. Ndinamanga mipanda ya anthu, zimbudzi, makola a nkhumba, chilichonse chimene chapezeka, kuti mwana asabwerere panjira. Tsiku lomaliza maphunziro ake ndinavala jekete yobwereka yondithina m'khwapa. Atamuitana kutsogolo ndinaimirira n'kufuula mpaka mlonda anabwera kudzandigwira paphewa.

Analembedwa ntchito pa ofesi yaikulu ya akatswiri ojambula nyumba. Ndinkayembekeza kuti anenepa, koma ankangowonda.

"Ababa, ndatopa," anatero tsiku lina atabwera kudzationa. "Kukacha mashopu, kukada mashopu. Mabokosi a magalasi okhaokha. Amene adzalowemo sindimudziwa n'komwe. Kodi n'zimene ndinaphunzirira?"

"Akumakulipira?"

"Akumandilipira."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Ine ndamanga nyumba zodzaza tauni yonse, koma palibe ndi imodzi yomwe ndinagonamo. Ndikadali pa lendi ngati mphaka wa eni."



M'miyezi imeneyo mayi ake anayamba kupitapita ku tauni ina, ati nsalu zabwino zikupezeka kumeneko. Nthawi zina ankaperekezedwa ndi mwana wawo. Ine wotembenuza levulo uja sindinafunse kanthu. Nsalu zinkabweradi, nanga ndikanafunsa chiyani?

Kenako Kapulani anatulukira ndi mapepala opindidwa ngati mpope, maso akuwala mmene sanawalirepo. Anasuntha mbale patebulo n'kuwatambasula, kona iliyonse n'kuipsinja ndi kapu.

"Ndagula malo, ababa, ndipo ndajambula nyumba. Aka n'koyamba kujambulira munthu amene ndikumudziwa, mmene amakhalira pansi, mmene amadzukira. Ndakhala ndikujambula osamva njala. Ndikufuna muimange inu, osati wina."

"Ndi ya ndani?"

"Ya banja lathu."

Mayi ake anali pakona akupalasa makina osokera. Makinawo anaima pang'ono, kenako anapitiriza.

Ndinatuluka panja ngati ndikukayang'ana mitambo, kuti asaone misozi. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ndinakondwa mpaka kudumpha.

4

Nyumba imeneyo ndinaimanga monga sindinamangireko ina. Njerwa iliyonse ndinkaigogoda ndi kuimvera kulira kwake. Yolira mogonthera ndinkaitaya kutali. Maziko ndinakumba mpaka kupeza nthaka yolimba ngati chipumi cha ng'ombe. Ntchito zina zonse ndinakana.

Koma pulaniyo inali ndi zachilendo. Pakhonde panalibe masitepe, m'malo mwake panali kanjira ka simenti kotsetsereka pang'onopang'ono kuchokera pageti. Makomo anali aakulu moti wilibala inkadutsa yodzaza osakhula felemu. Mazenera a chipinda chachikulu anali m'munsi, poyatsira magetsi pafupi ndi chiuno. M'bafa munalibe kakhoma kotchinga madzi, pansi ponse panali pofanana.

Mnzanga woika mipope, munthu wa pakamwa posatseka, anaima m'bafamo n'kukanda dazi lake.

"Madala, tikumanga nyumba kapena chipatala? Ndiuzenitu ndibweretse apongozi anga, mwendo ukuwavuta."

"Ika mipope yako, pepala latero."

"Nanga zitsulo zogwirirazi, bwanji zonse zili kumanzere? M'bafa kumanzere, m'chimbudzi kumanzere, m'kolido kumanzere. Inu si a dzanja lamanja?"

"Iwe unapita ku yunivesite? Mwana wanga anapita. Tseka pakamwa, ungameze simenti."

Ngakhale ndinamuyankha choncho, funsolo linandikhala pakhosi. Madzulo a tsikulo Kapulani anabwera kudzayendera ntchito, atavala chipewa cholimba cha pantchito ndi nsapato zazikulu. Ndinamupeza m'chipinda chachikulu atavundikira ndowa n'kukhalapo, akuyang'ana panja kudzera pazenera. Anatambasula dzanja lamanzere kukhudza khoma, n'kulemba kachizindikiro.

"Wakhaliranji pandowa?"

"Ndikufuna munthu atakhala pansi aziona msewu, osati khoma."

"Masitepe bwanji palibe? Nyumba yopanda masitepe anthu aziti mmisiri anaiwala."

"Mudzakalamba, ababa. Masiku ano timajambula choncho."

"Nanga zitsulo za kumanzerezi?"

Anaweramira tepi yake yoyezera n'kuyamba kuipinda. "Mangani mmene zajambulidwira."

Ndinaseka ndi chimwemwe. Mwana wanga ankalankhula ngati bwana weniweni. Ndinamvera.

Pansi pa zenera lalikulu panali tebulo lomangira kukhoma, lotakata, lopanda miyendo kutsogolo. Anati azidzajambulirapo akabwera kudzacheza. Ndinalisalaza ndekha mpaka linkaterera ngati galasi. Kuseri kwa nyumba kunali chipinda china chokhala ndi khomo lakelake lotulukira panja, ndi kakhonde kokhala ndi mashelefu. Pepala silinanene kuti n'cha chiyani. Ine ndinkati n'cha alendo.

Mayi ake anabwera kamodzi kokha, kudzayeza makatani. Ndinawapeza m'chipinda chachikulu chija ataimirira, tepi ili lendelende m'manja, misozi ikutsika.

"Mukuliranji amayi ake? Lendi yatha basi."

"Mwamanga bwino," anatero. "Mwamanga bwino kwambiri, bambo ake."

5

Tinagwirizana zolowa m'nyumba mvula ikayamba. Itagwa yoyamba ija, ndinalawirira m'mawa ndekha kukaona ngati denga ladontha. Ndinayenda chipinda ndi chipinda, khosi lili m'mwamba. Panalibe ndi dontho lomwe. Fungo la penti linasakanikirana ndi la dothi lonyowa. Nsapato ndinali nditavula kale kuti ndisadetse pansi, ndipo ndinakhala pakhonde ngati mwini nyumba, kudikira lole ya katundu.

Sikunabwere lole. Pageti panaima galimoto ya Kapulani. Iye anatsika n'kutsegula kumbuyo, n'kutulutsa njinga ya odwala yopindika. Mayi ake anatsika mbali inayo. Awiriwo anaweramira m'galimoto n'kunyamula munthu, wina m'khwapa, wina m'miyendo, mozolowera ngati anthu amene achita zimenezi kambirimbiri.

Anali nkhalamba yowonda ngati nsungwi. Pakamwa panali patakhotera mbali imodzi. Dzanja lamanja linali litapindikira pachifuwa, lakufa. Ndinamuzindikira chifukwa cha kutalika kwa miyendo.

"A-chi-mwene," anatero Pensulo movutikira, malovu akutsikira pachibwano.

Ndinaimirira kuti ndimulonjere, chisoni chitandigwira. Ndinkaganiza kuti amubweretsa kudzaona nyumba ya mnzake wakale. Koma Kapulani anayamba kukankha njinga ija. Inakwera kanjira kanga kotsetsereka osagwedezeka. Inalowa pakhomo langa osakhudza felemu. M'kolido, dzanja lamanzere la Pensulo linanyamuka lokha n'kugwira chitsulo, pamalo enieni pamene ndinachikhomera. M'chipinda chachikulu mawondo ake analowa pansi pa tebulo lija ngati phazi m'nsapato yake. Anadzutsa mutu, n'kuona msewu.

Mmisiri akayeza felemu n'kubwera chitseko chokwanira ndendende, safunsa kuti chitsekochi n'cha pati.

"Nyumbayi mwandimangitsa ya Pensulo," ndinatero.

Ndinatembenukira kwa mayi a Kapulani.

"Chabwino, ndi mnzanga, wadwala, alibe womusamala. Bwanji osandiuza? Ndikanakana ine? Ndi mlendo wanji wogona chipinda chachikulu?"

6

Mayi ake anagwada pansi pamene ndinasalaza ndi manja anga. Pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanandigwadirepo choncho.

"Bambo ake, tiyeni panja."

"Nenani pompano. Makoma ano ndi anga, amve."

"Mukukumbukira zaka zija tinalibe mwana? Alongo anu ankanditcha chumba ine ndikumva. Ndinapita kuchipatala ndekha, anandiuza kuti ndilibe vuto. Inu ndikakuuzani zoti mukayezetse munkaswa mbale."

"Ndiye?"

"Ndiye Kapulani anabadwa."

Ndinayang'ana mwana wanga. Ndinayang'ana munthu wa panjinga uja. Zala zazitali zija, khosi lija, kapendekedwe ka mutu akamaganiza. Zinthu zimene ndinakhala ndikuziona zaka zonse, ine woona khoma lopendekeka ndili patsidya pa msewu.

Pensulo ankalira mbali imodzi ya nkhope. Ankayesa kulankhula koma kunkangotuluka mpweya.

"Iwe unadziwa liti?" ndinafunsa Kapulani.

"Atadwala. Amayi ananditenga kukawaona. Ndinawapeza ali okha m'kachipinda ka pamwamba, masitepe ataliatali, asanatsike kwa miyezi. Ankasambira m'beseni pabedi, ababa. Munthu amene anajambulira anthu nyumba moyo wake wonse."

"Ndiye unati chitsiru chilipo, chimanga ulere."

"Ayi! Palibe mmisiri amene ndikanamukhulupirira ngati inu. Ndipo ndinadziwa kuti ndikakuuzani poyamba simugwira njerwa. Ndinkati mukaimanga ndi manja anu muikonda, simungaisiye." Anandigwira mkono n'kundikokera kuseri. "Taonani. Chipinda ichi n'chanu. Khomo lanulanu, simuzikumana nawo ngati simukufuna. Mashelefuwa ndi a zida zanu, ndinayeza bokosi lanu lija. Dzuwa la m'mawa limafika pakhondepa chifukwa cha mawondo anu. Ndinaganizira aliyense, ababa. Ndinajambula kangapo konse mpaka aliyense atapeza malo ake."

Ankalankhula ngati akufotokozera bwana pulani yabwino. Ankakhulupiriradi kuti ukaika makomo pamalo oyenera, anthu agwirizana.

"Nanga amayi ako azigona kuti?"

Anayang'ana pansi. "Odwala amafunika wowatembenuza."

Ndiye ine, mwini mkazi, wolera mwana, ndinali nditadzimangira ndekha kachipinda ka kuseri, kumene anthu amasungirako makasu ndi galu. Ndinakapaka penti kawiri, ndikuimba mluzu.

"Ababa..."

"Usadzanditchulenso choncho. Bambo ako ndi awo akuona msewuwo."

Ndinatuluka, n'kutsika kanjira kaja. Ndinafika pamsewu waukulu ndisanazindikire kuti nsapato ndazisiya pakhonde.

7

Panopa ndimakhala kuseri kwa shopu ina yogulitsa simenti ndi misomali. Mwini wake anandipatsa kachipinda kuti ndizimuyang'anira katundu. Denga limadontha pakona, koma sindinalikonze. Ndatopa kukonzera anthu.

Kapulani anabwera kangapo. Ndinkamuona pazenera ataima pageti ndi thumba la zakudya, ine n'kukhala chete mpaka achoke. Tsiku lina anakuwa ali panja kuti chipinda chija chikadali chotseka, palibe amene amalowamo. Mayi ake sanabwerepo. Anangotumiza zovala zanga zitachapidwa ndi kusitidwa, mabatani onse osoweka atasokereredwa.

Inu owerenga, ndikudziwa mmene mukuganizira. Ena mukuti mwanayo anachita bwino, munthu wodwala sangasiyidwe pamwamba ngati katundu. Ena mukuti wolera ndiye bambo, ndibwerere ndikakhale m'chipinda changa. Abusa anandiuza zomwezo, woika mipope uja anandiuza zomwezo, ngakhale iye anawonjezera kuti akanakhala iyeyo akanakatseka madzi. Kulankhula n'kosavuta pamene msana wothyoka si wako. Chikondi cha nkhwangwa chimakoma pokwera. Ukafika pamwamba umaiponya pansi, ndiye ukatsika n'kumadabwa kuti bwanji yabunthwa.

Sindikukana kuti mwanayo ali ndi luso. Nyumba ija ndi yabwino kuposa zonse zimene ndinamangapo, ndipo idzakhala chilili ife tonse titaola. Anaona mmene munthu wofa mbali imodzi amafikira chitsulo. Anaona mawondo anga. Anayeza bokosi langa la zida ine osadziwa. Chimene sanachite ndi kukhala nane pansi n'kundifunsa. Inu achinyamata amene mukuphunzira ntchito imeneyi, amene mukufuna kuti mizere yanu isinthe miyoyo ya anthu, munthu si bokosi loti mungoliyeza n'kulipezera shelefu. Ndipo inu amisiri anzanga, pepala likakuuzani zachilendo, ikani zida pansi mufunse kuti adzagone muno ndani. Akakuyankhani akuyang'ana tepi, funsaninso.

Mwezi watha mwini shopu anandiitana kutsogolo n'kukweza wailesi. Anali Kapulani. Anasiya ntchito ya mashopu ija, pano ali ndi ofesi yakeyake, amajambulira nyumba okalamba ndi olumala. Wofunsayo anati auze achinyamata mmene anapezera cholinga pa ntchito yake.

"Ndinachipeza m'mawa wina," anatero, "pamene bambo anga analowa okha m'bafa, popanda wowanyamula, n'kutseka chitseko."

Wofunsa uja anati nyumbayo anthu akuitama kwambiri, makoma ake ngati ojambula. Anafunsa kuti anamanga ndani.



"Mmisiri wina," anatero mwana wanga. "Wodziwa ntchito yake."

Iwo akukhala m'nyumbamo atatu. Ine mawa m'mawa kukubwera lole ya simenti, ndiyenera kukatsegula geti.